Thandizeni akuluakulu, code yanga ikuti sayiti yotchuka pa kafe ndi ac.mw

Wa Kafe pa Boma: Mwaswera bwanji akuluakulu. Pa kafe yathu pano pa Dedza boma bandulo ikumatha mwezi usanafike ndi pakati pomwe nde abwana akuti ndiwauze kuti anthu akumalowa masayiti ati. Ndatulutsa log ya DNS mu rauta, mndandanda wa mayina a masayiti amene makina afunsa, ndalemba ka Python kakuti kawerenge, zangokhala ngati zikuyenda koma pamwamba penipeni pakubwera ac.mw kenako co.mw kenako gov.mw, nde sayiti ya ac.mw ndi iti imeneyo ine sindinaionepo

```
zidutswa = dzina.split(".")
sayiti = ".".join(zidutswa[-2:])
```

Kachewere_Dev: kkkkk ac.mw yatchuka. Man sintha -2 ikhale -3 basi nkhani yatha

Wa Kafe pa Boma: ndayesa kale bigi, za ac.mw zakhala bwino koma facebook.com yabalalika, pali www.facebook.com payokha m.facebook.com payokha web.facebook.com payokha ngati ndi masayiti osiyana

NaNgozo: Achimwene palibe nambala imene muikepo apo ikagwire. Vuto si -2 kapena -3, vuto ndi loti mukuwerenga timadontho pamene timadontho sititiuza pomwe dzina la mwini likuyambira. Taonani awa onse ndi a kwathu konkuno, www.unima.ac.mw mwini wake ndi unima.ac.mw zidutswa zitatu, koma www.mra.mw mwini wake ndi mra.mw zidutswa ziwiri, times.mw chimodzimodzi, tnm.co.mw zitatu, maneb.edu.mw zitatu. Dziko limodzi lomweli .mw imodzi yomweyi koma ena analembetsa molunjika pansi pa mw ena pansi pa co.mw kaya ac.mw, nde ac.mw yanuyo ndi UNIMA, MUBAS, MUST, Mzuni, LUANAR ndi KUHeS mwawathira mu thumba limodzi

Wa Kafe pa Boma: aaa nde chifukwa chake, sabata ino ana asukulu adzadza kuno kuona zotsatira ndi ma fomu

Mphwanu wa ku Bembeke: pepani akuluakulu ine ndangoyamba kumene, zidutswa zimenezi zili ndi mayina? ndikumva anthu akuti subdomain, TLD koma sindimasiyanitsa

Aphunzitsi a ku Linthipe: Funsa mwana wanga, gulu ndi lomweli. Dzina la domain umaliwerenga kuchokera kumanja kubwerera kumanzere. Chakumapeto kwenikweni ndiye chachikulu, mw kapena com kapena org, chimenecho ndiye TLD. Ana anga a Form 3 ndimawauza kuti zili ngati munthu akamanena kwawo, amayamba mudzi, kenako T/A Kaphuka, kenako boma la Dedza, chachikulu chimabwera pomaliza ndipo mudzi wa dzina lomwelo utha kupezekanso kwa Kachindamoto popanda mkangano. Pa www.unima.ac.mw ndiye kuti mw ndi dziko, ac ndi chigawo cha masukulu aukachenjede, unima ndi amene analembetsa, www ndi subdomain imene mwiniwake amadzipangira yekha osapempha munthu. Atha kupanga khumi kaya zana, zonse ndi zake. DNS yomweyi anaiyambitsa Paul Mockapetris mu 1983, malamulo amene tikugwiritsabe ntchito mpaka pano ali mu zikalata za RFC 1034 ndi 1035 za mu 1987, inu nonse musanabadwe.

Kachewere_Dev: asa mwayambapo history kkkk

Aphunzitsi a ku Linthipe: Iwe khala chete umve. Mmenemo ndi mmene muli malire akuti chidutswa chimodzi chisapitirire zilembo 63, ndipo dzina lonse ukalilemba silipitirira zilembo 253. Ukamalemba code yoyeza ngati dzina lili bwino uzifuna zimenezo.

NaNgozo: Zoona aphunzitsi. Nde funso la achimwene a kafe kwenikweni ndi lakuti gawo la registry, bungwe lolembetsa mayina, likuthera pati ndipo la mwini likuyambira pati. Zimenezo palibe masamu ake, registry ya dziko lililonse inangoganiza zake. Kwathu .mw amayang'anira a SDNP anaika ac.mw co.mw com.mw org.mw net.mw gov.mw edu.mw coop.mw ndi zina koma amalolanso dzina lolunjika. Ku Mozambique tsidya la msewu pa Lizulu pomwepa kuli co.mz, ku Zambia co.zm, ku Joni co.za, ku UK kwa zaka zambiri kunali co.uk org.uk ac.uk kenako mu 2014 analola kuti munthu alembetse molunjika pansi pa uk nde code ya aliyense amene analemba kuti ikaona uk itenge zitatu inayamba kunama tsiku limenelo. Nchifukwa chake pali mndandanda wa mathero a mayinawa, ma suffix, umene anthu amausamala pamanja, Public Suffix List, anauyambitsa a Mozilla uli pa publicsuffix.org, ndi fayilo ya text chabe mutha kuitsegula pa foni nkusaka mw muona mizere yathu ili pompo

NaNgozo: pa Python musavutike

```
import tldextract
z = tldextract.extract("https://www.unima.ac.mw/")
print(z.subdomain, z.domain, z.suffix)
```

ikupatsani www kenako unima kenako ac.mw, mukalumikiza domain ndi suffix ndiye sayiti yanuyo

Kachewere_Dev: Asisi ine apa nde sindikugwirizana nanu. Ka script ka pa kafe tikaikire library yonse ndi mndandanda wa mizere masauzande wa maiko amene munthu wa pa Dedza sadzalowako? Mizere khumi basi

```
MATHERO = {"mw", "ac.mw", "co.mw", "com.mw", "org.mw", "net.mw",
           "gov.mw", "edu.mw", "com", "org", "net", "co.za", "co.uk"}

def gawa(dzina):
    z = dzina.lower().rstrip(".").split(".")
    for i in range(1, len(z)):
        if ".".join(z[i:]) in MATHERO:
            return ".".join(z[i-1:])
    return dzina
```

imayambira kumanzere nde yoyamba kupezeka ndiye yaitali, ac.mw imapezeka mw isanafike. Palibe pip palibe bandulo

NaNgozo: Code yanu ili bwino achimwene sindikukana, nzeru yake ndi yomweyo ya mndandanda uja kuti lamulo lalitali ndilo limapambana. Koma MATHERO anuwo adzawasamala ndani? Mawa kubwera munthu wa ku Villa Ulongwe kudzagula kabichi alowa sayiti ya co.mz mulibe, wina wa NGO alowa org.uk mulibe, mwana wa nursing akufuna sukulu ya ac.za kaya edu.au mulibe. Ndipo ma TLD panopa apitirira 1,000 chiyambire pamene ICANN, bungwe loyang'anira ma TLD, inatsegula chitseko mu 2012, pali .app .xyz .online .shop, .africa inabwera mu 2017. Mukhala mukuonjezera mzere tsiku lililonse ndipo choipa chake code siilira ikalakwa imangokupatsani yankho labodza mwaulemu

Kachewere_Dev: ikapanda kupeza imabweza dzina lonse, aona yekha kuti apa pali chachilendo aonjezere

NaNgozo: aona bwanji pa mizere masauzande? ndipo muyese ac.uk mutaika uk yekha mu MATHERO muone ngati sibwerera nkhani ya ac.mw yomweyi

Wa PHP ku Golomoti: ndangolowa kumene netiweki kuno kumunsi lero ikuvuta. Ine ndili mbali ya asisi. Mu mndandanda muja mulinso zinthu zimene set yako Kachewere singathe, muli mzere wa *.ck kutanthauza kuti ku Cook Islands chilichonse chobwera kutsogolo kwa ck ndi suffix, kenako pansi pake !www.ck kutanthauza kupatula www.ck imeneyo ndi sayiti yeniyeni. Ka nyenyezi ndi ka chizindikiro chodabwa kaja. Lamulo la kupatula limapambana onse, likapanda kupezeka nde lalitali

Kachewere_Dev: Cook Islands man kkkkk munthu wa pa Tsangano akakatani kumeneko

Wa PHP ku Golomoti: kkkk chabwino imeneyo ndakokomeza koma mfundo wamva

Mphwanu wa ku Bembeke: koma a Mozilla anaupangiranji mndandandawu, kuti anthu aziwerenga ma log?

NaNgozo: Ayi mphwanga, nkhani yake inali ma cookie, tinthu timene sayiti imasunga mu browser yako kuti ikukumbukire. Sayiti imaloledwa kuika cookie yogwira pa ma subdomain ake onse, mwachitsanzo ukalowa akaunti pa www uzipezekanso walowa pa portal ya sukulu yomweyo. Nde tangoganiza browser ikanakhala kuti sidziwa kuti co.mw si munthu, sayiti ina iliyonse ya co.mw ikanatha kuika cookie pa co.mw yonse nkumatumizidwa ku masayiti a anthu ena onse kuphatikizapo mabanki. Firefox ndi Chrome amaona mu mndandanda muja nkukana. Ife owerenga ma log tangokwera nawo

Wa Kafe pa Boma: asisi ndaika tldextract yatheka, ac.mw yachoka pabwera mayina enieni. Koma funso, kompyuta imene ndimayendetsera script ndi ya ku ofesi ya kuseri ilibe intaneti nthawi zambiri abwana anachotsa waya kuti tisamaonere mpira, pano ndalumikiza ndi hotspot ya foni yanga, mawa igwira?

NaNgozo: igwira. Ulendo woyamba imayesa kukatenga mndandanda watsopano pa intaneti nkusunga mu cache, ikalephera imagwiritsa kope imene inabwera nayo mkati. Ngati simukufuna kuti iziyesa nkomwe

```
gawa = tldextract.TLDExtract(suffix_list_urls=())
```

koma muzikumbuka kupanga update library pakapita miyezi chifukwa mndandanda umasintha. Kachewere mwamva? bandulo yanu ija sikudyedwa

Kachewere_Dev: ndamva koma yanga imathamanga kuposa

Wa PHP ku Golomoti: pa log ya kafe imodzi kuthamanga kwake uona ndi maso? kkkk. Kwa amene sali pa Python, JavaScript pali tldts ndi psl pa npm, Go pali publicsuffix mu golang.org/x/net function yake EffectiveTLDPlusOne, Java pali InternetDomainName mu Guava, ife a PHP pali php-domain-parser. parse_url payokha imangokupatsa host yonse, dzina lonse la sayiti la mu linki, siigawa

Aphunzitsi a ku Linthipe: Pamenepo pa host ndiimepo pang'ono chifukwa ana ambiri amagwa asanafike nkomwe pa suffix. Mnzathu wa kafe ali ndi mwayi kuti log ya DNS imapereka dzina loyera. Koma ukapatsidwa ma linki athunthu usayambe ndi split, yamba wachotsa host ndi chida choyenera. Mu Python ndi urlparse(linki).hostname, imachotsa port monga :8080, imachotsa dzina ndi password za kutsogolo, imasandutsa zilembo zonse kukhala zazing'ono. Koma chenjerani, mukaipatsa www.unima.ac.mw/china popanda https:// kutsogolo hostname imabwera None chifukwa imayesa kuti zonsezo ndi path. Muziona kaye ngati pali // ngati palibe muikepo.

NaNgozo: eya ndipo netloc ndi hostname si chimodzi, netloc imabwera ndi zinyalala zonse port ndi @ yomwe

Mayi a Tadala: Pepani ndilowerere ine si wa code ndinaikidwa mu gulu muno ndi mlamu wanga nthawi ya maphunziro a Excel koma zimene mukukambazi zandikhudza. Dzulo pa gulu la banki mkhonde kunabwera linki yoti banki ina ikupereka mphatso, dzina la bankiyo linalipo ndithu ndi co.mw yomwe koma kutsogolo kwake kunapitirira mawu ena kuthera .xyz, amayi awiri analembamo manambala awo. Nde inali ya banki kapena ayi

NaNgozo: Sinali ya banki mayi. Ndi nkhani yomweyi ndendende. Tiyerekeze yalembedwa dzinalabanki.co.mw.mphatso-zanu.xyz/landirani, inu pezani ka / koyamba pambuyo pa https:// nde muwerenge chobwerera kumanzere, xyz ndiye mathero, mphatso-zanu ndiye mwini, zonse zakutsogolozo dzinalabanki.co.mw ndi subdomain chabe imene wakubayo anangodzilembera yekha mwaulere, atha kulembapo dzina la banki iliyonse ngakhale la boma. Maso athu amayambira kumanzere nde amaona dzina lodziwika nkukhutira pamene kompyuta imayambira kumanja. Awuzeni amayiwo ngati analembamo PIN asinthe lero lomwe ndipo akaimbiridwa foni ndi munthu wonena kuti ndi wa ku banki asapereke nambala iliyonse yobwera pa SMS

Mayi a Tadala: zikomo kwambiri achemwali ndiwaimbira pompano

Wa PHP ku Golomoti: palinso ina ya @ imene aphunzitsi anakhudza, https://dzinalabanki.co.mw@kwina.xyz apa browser imatenga zonse za kumanzere kwa @ ngati dzina la munthu wolowa, kopita ndi kwina.xyz. Nde amene amayeza linki ndi if "co.mw" in linki kapena regex yosamanga kumapeto wagwa kale. Ngakhale endswith("banki.co.mw") ndi msampha chifukwa wina alembetsa zabodzabanki.co.mw idutsa, pafunika kadontho kutsogolo kapena ufananize domain ndi suffix zitagawidwa kale

Admin: Mayi a Tadala uthenga wa NaNgozo uja ndaupanga pin. Ena musatumize linki yeniyeniyo muno chonde wina adina

Wa Kafe pa Boma: akuluakulu zina zatulukanso. Pa top 20 pali sayiti yotchedwa 192.in-addr.arpa, palinso lan yopanda suffix, komanso github.io ili pamodzi yonse pamene ndikudziwa kuti anyamata awiri amene amaphunzira web pano aliyense ali ndi yake

NaNgozo: kkkk 192 si sayiti, amenewo ndi mafunso obwerera, makina akufunsa kuti IP yakuti dzina lake ndani nde IP imalembedwa chobwerera kutsogolo kwa in-addr.arpa, 192.168 ija ya mkati mwanu momwemo. Tayani chilichonse chothera arpa. Za lan ndi local ndi mayina a mkati mwa netiweki yanu ma printer ndi ma foni, suffix ikabwera yopanda kanthu muziike padera, IP yeniyeni ngati 192.168.1.1 nayonso imabwera yonse mu domain suffix mulibe. Ya github.io ndiye yokoma. Mndandanda uja uli ndi zigawo ziwiri, cha ICANN cha ma registry enieni ndi cha PRIVATE mmene makampani amadzilembetsa okha kuti ife timagawira anthu ma subdomain athu nde muwatenge ngati eni osiyana. github.io ili mmenemo, netlify.app, pages.dev. tldextract mukangoisiya imatsata cha ICANN chokha, mukafuna chinacho

```
gawa = tldextract.TLDExtract(include_psl_private_domains=True)
```

nde mnyamata.github.io ituluka domain mnyamata suffix github.io. Koma musathamangire kuyatsa, dzifunseni kaye mukufuna kudziwa chani. Abwana anu akufuna aone bandulo ikupita kuti nde github.io ikhale pamodzi zili bwino. Mukanakhala kuti mukutseka sayiti yoipa nde muyatse, apo ayi mutsekera anthu onse chifukwa cha munthu mmodzi

Kachewere_Dev: apa pokha ndavomera, za private sindikanaziganiza. Koma pa script yanga ya ma imelo a alimi a koparetivu ndisiya set yanga, onse ndi gmail.com ndi ma mw basi

NaNgozo: pamenepo palibe akuletsani, bola mudziwe kuti ndi ya pakhomo

Mphwanu wa ku Bembeke: nanga ndaonapo dzina loyamba ndi xn-- pa foni ya akulu anga, ndi virus?

Aphunzitsi a ku Linthipe: Si virus payokha. DNS imadziwa zilembo a mpaka z, manambala ndi ka mzere kapakati basi. Dzina likakhala ndi chilembo china monga ŵ wathu wa kadenga, kapena zilembo za Chiarabu ndi Chitchaina, limasandutsidwa ndi njira yotchedwa Punycode nkuyamba ndi xn--. Mwachitsanzo malaŵi amasanduka xn--malai-ehb, zilembo wamba zimatsala pamalo, ŵ amabisidwa mu ehb. Pa code yako usankhe mtundu umodzi usanawerenge kapena kufananiza, apo ayi dzina limodzi uliwerenga kawiri. Akuba nawonso amaikonda chifukwa a wa Chirasha ndi a wathu pamaso ndi amodzi, nchifukwa chake browser ikakayikira imakuonetsa xn-- yo dala kuti udzidzimuke. Nde funsa akulu akowo kuti linkiyo anaitenga kuti.

Wa Kafe pa Boma: zayera tsopano. Pamwamba pali google.com, whatsapp.net, facebook.com, fbcdn.net, googlevideo.com, unima.ac.mw yatsika ili pa nambala 9. googlevideo ndi chani, palibe kasitomala amalemba zimenezo

Wa PHP ku Golomoti: ndi YouTube man, tsamba limachokera ku youtube.com zithunzi ku ytimg.com koma kanema weniweni amachokera ku googlevideo.com ndi ma subdomain ataliatali osamveka aja. fbcdn.net ndi zithunzi ndi makanema a Facebook. Library singakuuze kuti amenewa ndi kampani imodzi, imadziwa kugawa dzina basi, pamenepo nde upange ka dictionary kako pamanja. Kachewere ntchito yako yapezeka kkkk

Kachewere_Dev: mwaona mapeto ake mwabwerera kwa ine

NaNgozo: Koma achimwene musanapite kwa abwana ndi pepala limenelo, log ya DNS imawerenga kuti dzina lafunsidwa kangati osati ma MB angati adutsa. WhatsApp pa foni iliyonse imafunsafunsa tsiku lonse koma mameseji ndi opepuka, pamene munthu mmodzi woonera kanema wa ola lathunthu afunsa kochepa nkumaliza GB. Windows update ya makompyuta anu omwewo ithanso kudya bandulo usiku mulibe kasitomala ndipo pa mndandanda wanuwo ikhala pansi penipeni. Mukapereka mmene zililimu abwana atseka WhatsApp makasitomala athawa bandulo izithabe. Pafunika muone ngati rauta yanu imasunga ma byte pa IP iliyonse nde mulumikize IP ndi dzina limene linafunsidwa

Aphunzitsi a ku Linthipe: Ndipo pa pepala la abwana pakhale masayiti ndi manambala basi, osati kuti kompyuta nambala 3 nthawi yakuti munthu analowa pakuti. Boma lathu ndi laling'ono, anthu amadziwana.

Wa Kafe pa Boma: ndamva asa, column ya IP za makasitomala ndichotsa. Rauta ndi MikroTik yakale ija, ma byte ndiwapeza pati asisi

NaNgozo: kuti muone pompano tsegulani Winbox mupite Tools kenako Torch musankhe interface ya intaneti, muona IP iliyonse ndi liwiro lake koma Torch siisunga. Zosunga pafunika Traffic Flow pansi pa IP itumize ku kompyuta ina yolandira, nde waya uja abwana abwezeretse. Tumizani version ya RouterOS kaye ndione

Wa Kafe pa Boma: magetsi angothima kumene rauta yazima, akayaka nditumiza

Kachewere_Dev: kuno ku Tsangano sanayake chiyambire mmawa. Wa Golomoti tumiza ma domain a TikTok amene ukuwadziwa ndiyambe dictionary ija pa foni